Galu wamkazi akamafuna amuna, tizimuyendetsabe? Mafunso ndi mayankho

Amene munawetapo galu wamkazi mukudziwa mmene zimayambira. Mwangodzuka mmamawa, pa geti pali agalu anayi osawadziwa nkomwe, wina wothothoka ubweya, wina khutu lodukaduka, onse ali phee ngati anthu odikira malipiro, nde mukayang'ana pakhonde pali timadontho ta magazi. Basi nyengo yafika. Apa ndi pamene anthu ambiri amagawikana pawiri, ena kumutsekera galu uja mkhola masabata atatu osatuluka olo kamodzi, ena kumangomusiya kuti aaa ndi chilengedwe aziyenda. Zonse ziwirizi ine sindigwirizana nazo, ndipo mafunso ali apawa ndi amene amabwera kawirikawiri nkhani imeneyi ikayamba.

Nyengo imeneyi imatenga nthawi yayitali bwanji?

Kwa agalu ambiri ndi masabata awiri kapena atatu, ena mpaka anayi. Imabwera pafupifupi miyezi 6 iliyonse, nde kawiri pachaka, koma musawerengere ngati malipiro a pamwezi, wina amachedwerapo wina amafulumira. Tiagalu tating'onoting'ono timatha kuyamba tili ndi miyezi 6 yokha, pomwe zimphona ngati ma Boerboel zimatha kudutsa chaka, pena mpaka chaka ndi theka, zisanayambe.

Zizindikiro zake sizivuta. Kumaliseche kumatupa, kumatuluka magazi, amadzinyambita pafupipafupi, amakodza pang'onopang'ono paliponse. Khalidwe nalo limasintha, wina amangofuna kukhala pamiyendo panu, wina amakwiya msanga, wina sadya bwino. Chinthu chimodzi chomwe ndimapempha aliyense ndi ichi: tsiku loyamba kuona magazi lilembeni, kaya pa kalendala ya kukhoma kaya mu foni. Mudzandithokoza pa funso lachitatu.

Ndizimuyendetsa kapena angokhala pakhomo mpaka zithe?

Muzimuyendetsa. Sakudwala ayi, miyendo yake ili bwinobwino. Galu amene anazolowera kutuluka tsiku ndi tsiku mukamutsekera masabata atatu amasokonezeka mutu, amalira usiku wonse, amatafuna nsapato, amakumba pansi pa mpanda, ndipo mphamvu zonse zomwe akanathera poyenda amaziika pa kufunafuna pothawira. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, nde mukamuona akukanda pageti dziwani kuti pulani ilipo kale.

Chimene chimasintha ndi kayendetsedwe kake. Pa chingwe nthawi zonse, maulendo afupiafupi, mwina mphindi 15 kapena 20 kawiri patsiku mmalo mwa ulendo umodzi wautali, komanso muzimuyang'ana iyeyo mmene akumvera. Masiku oyambirira ena amakhala ofooka, akangoyenda pang'ono akufuna kubwerera, musamukakamize. Ngati mumathamanga naye mmamawa, mutha kupitiriza pang'onopang'ono bola ali pa chingwe ndipo akuoneka kuti akufuna, koma zomuthamangitsa kumbuyo kwa njinga zisiyeni kaye.

Kwa anzathu a kumudzi amene mumapita naye kosaka akalulu limodzi ndi agalu ena, ameneyo atsale. Ulenje wonse udzasanduka ndewu ya amphongo ndipo simubwera ndi kanthu.

Magazi asiya patangotha sabata imodzi, nde kuti zatha eti?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Masiku amene magazi akutuluka kwambiri, omwe kwa agalu ambiri amakhala pafupifupi 9, amphongo amabwera inde koma iye amawakana, amakhala pansi, amawakalipira, pena kuwaluma kumene. Kenako magazi aja amachepa, amayamba kuoneka otuwa ngati madzi otsukira nyama, kutupa kuja kumafewerapo, mwini galu nkumati zikomo Mulungu zatha, nkumumasula. Komatu imeneyo ndiyo nthawi yeniyeni. Masiku enanso pafupifupi 9 otsatirawo ndi amene amalola kukweredwa ndipo ndi pomwe amatenga bere. Mukamukanda pamsana chakumchira muona akuima nji nkupatutsira mchira kumbali, chimenecho ndi chizindikiro choti geti lake latseguka.

Ineyo zinandichitikira ndi galu wanga woyamba, Popi. Ndinamusunga bwinobwino masiku khumi, nditaona kuti pakhonde payera ndinamusiya kuti akapite mphepo madzulo ena, anabwera mmawa wake ali matope okhaokha, patatha miyezi iwiri ndinali ndi tiana 7 tamitundumitundu tosadziwika bambo wake, kumayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti atengeko. Bere la galu ndi masiku pafupifupi 63 basi, silichedwa.

Nde werengani kuyambira tsiku lija munalemba. Masiku 21 ndiwo ochepetsetsa, ine ndimafikitsa 28 kuti mtima ukhale mmalo, ndipo ndimayang'ananso kuti kutupa kwatheratu komanso alendo a pageti aja asiya kubwera. Agalu ena satulutsa magazi ambiri, kapena amadzinyambita kwambiri moti simuona kanthu, kwa oterowo amphongo a mmudzi ndi amene angakuuzeni zoona.

Nthawi yabwino yotuluka naye ndi iti? Nanga malo?

Vuto la kwathu kuno ndi loti agalu ambiri samangidwa, ndipo olo amene amamangidwa masana eni ake amawamasula usiku kuti azilondera. Nde malangizo oti tulukani naye usiku kwambiri kapena mbandakucha chifukwa kulibe agalu, ku malokeshoni kwathu sagwira ntchito, imeneyo ndi nthawi imene agalu onse ali pamsewu. Bola kutuluka kutacha, anthu atamanga kale agalu awo koma dzuwa lisanakwere, kapena chakumadzulo kusanade. Dera lanu mukulidziwa ndinu, yang'anani masiku awiri atatu muone nthawi imene msewu umakhala wopanda agalu.

Mu Okutobala ndi Novembala samalani ndi dzuwa. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu uja, ndipo tala kapena mchenga wotentha umawotcha mapazi ake. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi, ngati inu simungapirire masekondi ochepa ndiye kuti iyenso sangapondepo. Tengani kabotolo ka madzi.

Malo oti muwapewe ndi kumsika, kuseri kwa mabutchala ndi malo odyera, kudzala, pa chiwaya cha tchipisi, paliponse pamene agalu amasonkhana kufuna zotsala. Msewu wopanda anthu ambiri kapena bwalo la mpira nthawi yomwe kulibe ana ndi bwino. Kanthu kena komwe ambiri sadziwa: mkodzo wake ndi kalata. Paliponse pamene wakodza wasiya fungo louza amphongo kuti ndili kuno, nde mukayenda naye kuchoka pageti panu kuzungulira nkubwerera, mwawajambulira mapu olunjika kunyumba kwanu. Amene muli ndi galimoto mukwezeni mukayendere kutali. Amene mulibe, muyambe mwamukodzetsa mkati mwa mpanda musanatuluke, ndipo pafupi ndi nyumba muziyenda mwachangu osamulola kuima pa mtengo uliwonse. Sizithetseratu vuto koma zimachepetsako.

Galu wanga amandimvera kwambiri, ndikamuitana amabwera. Sindingamumasule olo pang'ono?

Osayerekeza. Masiku amenewa dzina lake saliziwa, inunso sakudziwani. Ngati mukufuna athamangeko momasuka gulani chingwe chachitali, mamita 5 kapena 10, mupite naye pabwalo loti mukuona mbali zonse. Muonetsetsenso lamba wa mkhosi, asakhale wokhwepa moti akabwerera chambuyo mutu nkupulumuka. Zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi khosi, osapitirira apo.

Nanga tikakumana ndi amphongo panjira nditani?

Choyamba musathamange, mukathamanga mwayambitsa mpikisano woti simupambana. Fupikitsani chingwe galu wanu akhale pambali pa mwendo wanu, inu muime pakati pa iye ndi mlendoyo, mukalipe ndi mawu amphamvu, kenako muzichoka pang'onopang'ono. Agalu ambiri a mmakwalalamu amaopa munthu, mukangowerama ngati mukutola mwala amabwerera okha olo musanagende. Ndodo kapena ambulera imathandiza, osati yomenyera ayi koma yotchingira, ambulera ukaitsegula mwadzidzidzi galu amadzidzimuka. Ngati galu wanu ndi wamng'ono munyamuleni, koma dziwani kuti wina wolimba mtima atha kukulumphirani. Akakhala ambiri musachite manyazi kulowa mumpanda wa eni ake kapena mu grocery yapafupi nkupempha kuti muimeko kaye.

Choopsa kwenikweni si bere ayi, ndi ndewu. Amphongo akaunjikana pa wamkazi mmodzi amalumana okhaokha, ndipo munthu amene walowetsa dzanja pakati kuti aleretse ndi amene amalumidwa. Kuno chiwewe chilipo, si nthano. Nchifukwa chake a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo pa 28 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za matendawa. Galu wanu akhale wobayitsa katemera wa chiwewe nyengoyi isanafike. Mukalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wosamudziwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione kaye mmene kuchere. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro palibenso mankhwala. Galu wanu akalumidwa, nayenso apite kwa avetenale olo anabayitsa kale.

Ndimakhala busy, ndingatume mwana kuti akamuyendetse?

Masiku ena onse inde, koma masabata awa ayi. Mwana wa zaka 10 sangalimbane ndi galu amene akukoka kutsogolo uku agalu atatu akubwera kumbuyo, ndipo ana ndi amene amalumidwa kwambiri. Ngati pali mnyamata wa pakhomo kapena alonda amene amamuyendetsa, auzeni momveka bwino kuti galuyu asamasulidwe ndipo afotokozereni chifukwa chake, chifukwa ena amaona ngati ndi chifundo kumumasula.

Kwathu agalu ndi ambiri zedi, kutuluka sikutheka. Pakhomo ndingamutopetse bwanji?

Zimatheka bwinobwino, ndipo masiku oopsa aja a pakati ine ndimachita zimenezi basi osatuluka nkomwe. Kuponya mpira wa tenesi kapena chisononkho mphindi khumi. Kukokerana chingwe chakale kapena chinsanza chopota. Kuzungulira naye nyumba pa chingwe kangapo, zooneka zopusa kwa aneba koma zimagwira ntchito.

Koma chomwe chimatopetsa galu kwambiri ndi mphuno. Tengani bonya pang'ono kapena tizidutswa ta nyama, mumwaze mu kapinga kapena mubise pansi pa zitini, kuseri kwa mphika wa maluwa, mu katoni yakale, nde mumusiye azifunafuna. Mphindi 15 za kununkhiza zimamugonetsa tulo kuposa mmene mungaganizire. Ndi nthawinso yabwino yomuphunzitsa tinthu ting'onoting'ono, khala pansi, dikira, bwera, ndi kamphoto ka chakudya, bola osachulutsa chifukwa mutu wake uli kwina.

Chachikulu nchakuti muzikhalapo. Mpanda musaukhulupirire. Wa udzu kapena wa bango amangoboola, wa waya amakumba pansi, wa njerwa womwe ndinaonapo galu akukwera podzera pa mulu wa mchenga umene unatsamira khoma. Zungulirani muone pamene pali mpata, chotsani zinthu zokwerapo, ndipo usiku agone mnyumba, mu stolo kapena mkhola la denga ndi chitseko cholimba.

Bwanji ndingomumangirira pa tcheni pansi pa mtengo wa mango?

Iyi nde njira yoipitsitsa pa zonse. Tcheni imaletsa iyeyo kuchoka koma siletsa amphongo kubwera. Mwangomuika poyera kuti aliyense amupeze, sangathawe, ndipo ndewu ikabuka pamenepo tcheni ija imatha kumukulunga mkhosi kapena kumuthyola mwendo.

Timatewera ta agalu tija timathandiza? Nanga kumupaka mankhwala onunkhira kuti amphongo asamve fungo?

Thewera ndi loteteza mipando ndi pansi mnyumba kuti pasadonthere magazi, basi. Olo kabudula wakale wa mwana woboola pamchira amagwira ntchito yomweyo. Muzisintha pafupipafupi, ndipo muzimuvula nthawi zina kuti adzinyambite komanso pokakodza. Koma thewera si kondomu, mphongo amalichotsa mosavuta.

Zopakapaka ndi kutaya ndalama. Mphuno ya galu simungaipusitse ndi perefyumu, ndipo zinthu ngati Vicks, parafini kapena mankhwala otsukira mchimbudzi zimamuwotcha khungu, akanyambita nkudwala nazo. Kutsuka pakhonde ndi pageti pamene wakodza ndi kumene kumathandizako pang'ono.

Angasambe? Angasambire?

Kumusambitsa kunyumba palibe vuto, ndipo kumupukuta kumbuyo ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda nkwabwino. Zosambira mmadambo, mzithaphwi ndi mmitsinje yakuda dikirani kaye, nthawi imeneyi khomo la chiberekero limakhala lotseguka nde palibe chifukwa chomulowetsa mmadzi oipa. Kudibi kumene kumakhala mzere wa agalu musapite naye, mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri mupangireni pakhomo.

Pakhomo pomwepo ndili ndi galu wamphongo, koma ndi mchimwene wake. Angapange zimenezo?

Agalu za chibale sazidziwa. Mchimwene, bambo, mwana wake wobereka yekha, onse amakwera. Alekanitseni ndi zitseko ziwiri ngati nkotheka, kuti wina akaiwala kutseka chimodzi china chigwire. Azituluka mosinthana, poyenda aliyense ulendo wake. Mphongoyo atha kusiya kudya nkumalira usiku wonse, musadabwe, ngati pali mbale amene angamusungeko masabata awiri mutumizeni mupume. Olo wofula amatha kuyesa kukwera mpaka kumatirira kumene, ndipo amene wangofulidwa kumene amatha kuperekabe bere kwa masabata angapo.

Zachitika kale, ndawapeza atamatirirana. Ndiwathire madzi?

Musawathire madzi, musawagende, musawakoke. Ana a mmudzi akabwera ndi miyala athamangitseni. Chimene chimachitika nchakuti chida cha mphongo chimatupa chakutsinde chili mkati, nde sichingatuluke mpaka chitaphwa chokha, kawirikawiri pakati pa mphindi 5 ndi 30. Kuwakoka ndi kuwang'amba onse awiri, komanso sikuletsa bere chifukwa mbewu yalowa kale. Gwirani wanuyo modekha kuti asamakoke mnzake, dikirani.

Akalekana, lembani tsikulo nkuyimbira dokotala wa ziweto masiku omwewo, osadikira mimba ioneke. Pali zomwe angachite ngati simukufuna ana, kuphatikizapo kumuchita opaleshoni bere likadali laling'ono. Ndipo musati poti zachitika basi azingoyenda, pitirizani kumusunga, chifukwa akakweredwa ndi amphongo angapo ana a bere limodzi amatha kukhala a abambo osiyanasiyana, komanso kukweredwa kulikonse ndi mwayi wina wotenga matenda.

Matenda amene ndikunenawa ndi chotupa chija chopatsirana pokwerana, madokotala amachitchula kuti TVT, chofala kwambiri kumene agalu amangoyendayenda. Chimamera kumaliseche ngati kolifulawa, chofiira, chodontha magazi, nde anthu ambiri amaganiza kuti galu ali pa nyengo yosatha. Chimachizika ndi majakisoni a vincristine a sabata ndi sabata kwa avetenale, koma bola kupewa.

Ndi zizindikiro ziti zoti ndisiye zoyendayenda ndithamangire kwa dokotala?

Kufooka pang'ono ndi kuchepetsa kudya masiku ochepa si nkhani. Koma magazi akapitirira masabata anayi, kapena kukatuluka chinyama kumaliseche, kapena zotuluka zikayamba kununkha ngati zowola, pitani.

Ndipo maso anu asagone nyengo ikatha, chifukwa matenda oopsa kwambiri amabwera pambuyo, mkati mwa miyezi iwiri yotsatira. Chiberekero chimadzadza mafinya, dzina lake pyometra, ndipo amakonda agalu okulirapo msinkhu. Galu amamwa madzi modabwitsa, amakodza kwambiri, sadya, amasanza, poyenda amatsalira mmbuyo, mimba imatha kutupa. Pena mafinya amatuluka, pena satuluka nkomwe ndipo mtundu umenewo ndi umene umapha msanga. Imeneyo ndi ya tsiku lomwelo, si yoti tidikire malipiro.

Palinso bere labodza, patatha mwezi umodzi kapena iwiri galu woti sanakweredwe nkomwe mawere kutupa, mkaka kutuluka, kumanyamula nsapato nkukagona nayo ngati mwana. Izi nthawi zambiri zimatha zokha, musamukame, ndipo kuyenda naye kwambiri kumamuthandiza kuiwala.

Ndatopa nazo zimenezi kawiri pachaka. Ena akuti ndimubayitse jakisoni wolera wa anthu uja, zili bwino?

Ayi chonde. Jakisoni ameneyo, wa Depo uja, amaletsadi nyengo koma kwa galu amakweza kwambiri chiopsezo cha mafinya a mchiberekero ndangofotokoza aja komanso zotupa za mmawere. Mupulumutsa kandalama lero nkudzalipira opaleshoni yadzidzidzi mawa, ngati galuyo angafike nkomwe.

Ngati simukufuna kuti azibereka, njira yake ndi opaleshoni yotseketsa, amachotsa chiberekero ndi mazira, nyengo osabweranso, alendo a pageti osabweranso, pyometra osaiopanso. Sasiya kulondera ayi, amauwa chimodzimodzi, kungoti muzisamala chakudya chifukwa amanenepa msanga. Ku Lilongwe kuli a LSPCA, ku Blantyre a BSPCA, onsewa ndi mabungwe osamalira nyama, komanso madokotala a ziweto oyima paokha amachita. Madokotala ambiri sakonda kuchita opaleshoniyi galu ali pakati pa nyengo chifukwa misempha ya magazi imakhala yotupa ndipo amataya magazi ambiri, amati mudikire miyezi iwiri kapena itatu nyengo itatha. Nde tsiku lija munalemba pa kalendala mupite nalo, dokotala akakufunsani.